Mafunso ndi mayankho: Kodi ndiike Audacity iti pa laputopu yanga?

Awa ndi mafunso omwe ndimafunsidwa mobwerezabwereza ndi anthu ofuna kujambula mawu pa laputopu: a kwaya, ojambula maulaliki, ophunzira utolankhani, ndi anyamata omwe angoyamba kumene kupanga nyimbo kuchipinda. Ndakamba kwambiri za Audacity, pulogalamu yojambulira ndi kukonzera mawu, chifukwa ndi yaulere ndipo ambiri amayambira pomwepo, koma mapulogalamu ena ndawatchula pomwe akufunika.

Bwanji osangotenga version yatsopano kwambiri n'kuthana nazo?

Ngati laputopu yanu ili ndi Windows 10 kapena Windows 11 ya 64-bit, chitani zomwezo, musavutike n'kuwerenga zambiri. Vuto ndi loti malaputopu a ambiri a ife si ochokera m'katoni. Ndi HP kapena Dell yomwe inatumikira kale mu ofesi ina ku Johannesburg kapena ku London, kenako achimwene n'kutitumizira, kapena tinaigula kwa munthu yemwe nayenso anaigula kwa wina. Laputopu yotere imatha kukhala ndi Windows 7, RAM yochepa (malo omwe kompyuta imasungiramo zomwe ikugwira pa nthawiyo), ndi disiki yoti ikamagwira ntchito mumachita kuimva kulira.

Omwe amakonza Audacity amayesera ma version atsopano pa Windows 10 ndi 11. Pa Windows yakale pulogalamuyo mwina itseguka, mwina ikana, mwinanso itseguka bwinobwino n'kudzazima pakati pa ntchito. Chachitatuchi ndiye choopsa, chifukwa mumadzadziwa kwaya itaimba kale nyimbo zisanu.

Ndidziwa bwanji zomwe zili mu laputopu yanga?

Musakhulupirire kapepala komwe kamatidwa pafupi ndi kiyibodi. Kamanena za tsiku lomwe laputopu inatuluka ku fakitale, pomwe iyo yadutsa m'manja mwa amisiri angapo ndipo aliyense anaikamo Windows yomwe anali nayo pa fulashi tsiku limenelo.

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani winver, dinani Enter. Pomwepo muona ngati ndi Windows 7, 8.1, 10 kapena 11. Bwerezaninso, koma ulendo uno lembani msinfo32. Pa mzere wa System Type, pakalembedwa x64-based PC ndiye kuti Windows yanu ndi ya 64-bit. Pakalembedwa x86-based PC ndi ya 32-bit. Tsikani pang'ono muone kuchuluka kwa RAM. Zinthu zitatuzi zilembeni papepala musanapite kukatsitsa chilichonse.

Pa MacBook dinani kachizindikiro ka apozi pakona yakumanzere, kenako About This Mac. Chofunika kuona ndi nambala ya macOS, komanso ngati palembedwa Intel kapena Apple M1, M2 ndi anzake.

Kodi 32-bit ndi 64-bit zikusiyana pati, ndipo zikundikhudza bwanji ine wongofuna kujambula ulaliki?

Lamulo lake ndi la mbali imodzi. Pulogalamu ya 32-bit imayenda pa Windows ya 64-bit, koma ya 64-bit silowa pa Windows ya 32-bit. Imakana poyambirira pomwe, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti fayilo inaonongeka potsitsa, n'kuthera bandulo ina kutsitsanso chinthu chomwecho.

Pali msampha wina womwe ndimaupeza kawirikawiri. Pa Windows 10, mukalowa mu Settings, System, About, mutha kuona mawu oti 32-bit operating system, x64-based processor. Apa ndiye kuti makina enieniwo ndi a 64-bit koma woika Windows anaikamo ya 32-bit. Posankha pulogalamu tsatirani Windows, osati makina. Komanso dziwani kuti Windows ya 32-bit siitha kugwiritsa ntchito RAM yopitirira 4 GB, choncho ngati laputopuyo ili ndi 8 GB, theka likungokhala. Laputopu yotere ndi bwino kukaikitsamo Windows ya 64-bit. A Windows 11 nkhani iyi siikuwakhudza, chifukwa Windows 11 ya 32-bit kulibe.

Audacity ya 64-bit ya pa Windows inayamba ndi version 3.0.3 mu 2021. Zonse za m'mbuyo mwake ndi za 32-bit. Izi zili ndi kanthu kwa omwe amagwiritsa ntchito ma plugin, tizowonjezera tosinthira kamvekedwe ka mawu: plugin ya 32-bit siigwira mu Audacity ya 64-bit. Ngati muli ndi ka reverb kakale komwe mumakadalira ndipo kanasowa mutangosintha version, sikanafufutike ayi, pulogalamu yatsopanoyo siikukaona chabe.

Yanga ili ndi Windows 7. Ndiitaye?

Ayi. Kujambula mawu si ntchito yolemetsa kompyuta ngati kukonza vidiyo. Ine laputopu ya Windows 7 kapena 8.1 ndimaiikira Audacity 2.4.2, yomwe inatuluka mu 2020 ndipo ndi yomaliza mwa ma version oyamba ndi 2. Ndi yopepuka, imajambula, imadula, imachepetsa phokoso, imatulutsa MP3. Pa ulaliki, nkhani ya pa wailesi kapena nyimbo ya kwaya, palibe chomwe mungasowe. Ena amayendetsa ma version a 3 pa Windows 7 popanda dandaulo, ndipo mutha kuyesa, koma yesani Lachitatu, osati Lamlungu m'mawa mapemphero atatsala pang'ono kuyamba.

Chomwe muyenera kuopa pa Windows 7 ndi intaneti. Microsoft inasiya kuisamalira mu January 2020, ndipo Windows 8.1 inasiyidwa mu January 2023. Laputopu yotere muisandutse ya kujambula basi. Pulogalamu mukatsitsire pa kompyuta ina, mubwere nayo pa fulashi yoyera. Windows 10 nayo nthawi yake yovomerezeka inatha pa 14 October 2025, koma mapulogalamu ojambulira mawu sanaleke kuyenda tsiku limenelo, ndiye musachite mantha.

Ngati muli ndi Windows XP, version yomaliza yomwe eni ake anaivomereza pa XP ndi 2.1.3 ya mu 2017.

Nanga pa MacBook?

Pali malire awiri oti muwadziwe. Oyamba ndi macOS Catalina ya mu 2019, yomwe inaleka kutsegula mapulogalamu a 32-bit ndipo imafuna kuti pulogalamu iliyonse ipemphe chilolezo isanagwiritse ntchito maikolofoni. Audacity yakale pa Catalina imaoneka ngati ikujambula, koma mzere wake umangokhala wowongoka, mulibe mawu. Kuyambira Catalina kupita m'tsogolo, musatsike pansi pa 2.4.

Achiwiri ndi ma MacBook a M1 omwe anayamba kumapeto kwa 2020. Audacity yopangidwira makina amenewa inabwera ndi version 3.2 mu 2022. Zakale zimayendabe kudzera mu Rosetta 2, chomwe chimayendetsa mapulogalamu a Intel pa makina atsopanowa, koma palibe chifukwa chodzizunzira. Potsitsa, sankhani ya Apple Silicon ngati muli ndi M1 kapena yoposa apo, ya Intel ngati ndi ya Intel. Ndipo musaiwale kuti GarageBand ndi yaulere pa Mac. Kwa woimba wofuna kuika ng'oma ndi kiyibodi pansi pa mawu ake, imaposa Audacity.

Mnzanga wanditumizira project koma ikukana kutseguka. Chalakwika n'chiyani?

Funso ili ndi lomwe lasowetsa anthu tulo kuposa ena onse, ndiye ndichedwapo pang'ono.

Audacity inasintha kasungidwe ka ntchito mu March 2021, pomwe inatulutsa version 3.0. Kale, mukasunga project, ntchito yomwe mukukonza mu Audacity, mumapeza zinthu ziwiri: kafayilo kakang'ono kothera ndi .aup, ndi foda ya dzina lomwelo yothera ndi _data. Mawu enieni amakhala mu fodamo, ogawidwa m'tizidutswa tambirimbiri. Kafayilo ka .aup kamangonena kuti kachidutswa aka kakhale apa, aka kakhale apo. Kuyambira 3.0, zonse zimalowa mu fayilo imodzi yothera ndi .aup3.

Ndinathandizapo kwaya ina yomwe inajambula nyimbo zake masiku awiri. Mnyamata wojambulayo anakopera ka .aup kokha pa fulashi, n'kupereka kwa mlembi wa kwaya, laputopu n'kubwezera mwini wake. Mlembiyo anabwera kwa ine ali wosangalala, fulashi atakulunga m'kapulasitiki ka shuga kuopa mvula. Nditaitsegula, fayilo yake inali yochepa kuposa chithunzi cha pa foni. Ndinawauza kuti, “Amayi, apa mwanyamula envulopu, kalata yatsala.” Mwayi wake, mwini laputopu anali asanafufute foda ija, koma panafunika ulendo wina wa minibasi.

Tsono malamulo ake ndi awa. Audacity 3 imatsegula .aup yakale, malinga foda ya _data ili pambali pake, koma ikasunga imasunga ngati .aup3. Audacity 2 siitsegula .aup3 ngakhale mutatani. Ngakhalenso pakati pa ma version a 3 okhaokha, project yosungidwa mu yatsopano imatha kukana kutseguka mu yakale. Choncho ngati mumagwira ntchito awiri kapena atatu, gwirizanani version imodzi, ndipo yosankhidwayo ikhale yomwe laputopu yofooka kwambiri pagululo ingakwanitse. Mukamatumiza ntchito kwa munthu wakunja kwa gulu, monga ku situdiyo, musatumize project konse. Tulutsani track iliyonse, kutanthauza mzere uliwonse wa mawu, ngati fayilo ya WAV, zonse zoyambira pamalo amodzi. WAV imatseguka mu pulogalamu iliyonse yojambulira mawu, yakale ndi yatsopano yomwe.

Pulogalamu ikundiuza kuti kwatuluka yatsopano. Ndivomere?

Ngati muli pakati pa ntchito, ayi. Malizani kaye, tulutsani ma WAV ndi ma MP3 anu, kenako musinthe. Ndipo musanasinthe dzifunseni chomwe mukufuna mu yatsopanoyo. Zina n'zenizeni: 3.1 inabweretsa kudula kopanda kutaya mawu, moti mukadula mopitirira mumangokoka m'mphepete mawu aja n'kubwerera, 3.2 inabweretsa ma effect omveka pomwepo nyimbo ikusewera, komanso ma plugin a VST3. Ngati izi simukuzifuna ndipo yomwe muli nayo siikuvutitsani, isiyeni.

Mutha kukhala ndi ma version awiri pa laputopu imodzi. Audacity ya pa Windows imapezekanso ngati zip yosafuna kuika. Mumangomasula mu foda yakeyake n'kuitsegula. Ingosamalani kuti project yofunika musaitsegulire mu yatsopano musanasunge kope ina pambali.

Ikufunsa za lame_enc.dll ndikafuna kutulutsa MP3, komanso ikukana voice note ya pa WhatsApp.

Ikafunsa lame_enc.dll ndiye kuti version yanu ndi yakale kuposa 2.3.2 ya mu 2019. Kuyambira pamenepo chotulutsira MP3 chimabwera chili m'kati kale. M'malo mosakasaka kafayilo kameneko pa mawebusaiti osadziwika, kwerani ku 2.4.2.

Mafayilo a pa foni ndi nkhani ina. Voice note ya pa WhatsApp imakhala ya .opus, ndipo mafoni ambiri amajambula mu .m4a. Audacity imafuna chowonjezera chotchedwa FFmpeg kuti itsegule .m4a, ndipo ma version akale amachifunanso pa .opus. Apa nkhani ya ma bit ija yabwereranso: Audacity ya 64-bit imafuna FFmpeg ya 64-bit, ya 32-bit imafuna ya 32-bit. Mukaphatikiza mosiyana, Audacity imangoti siikuipeza, chonsecho mwaiika.

Ndaika, yatseguka, koma siikujambula. Ndisinthe version?

Nthawi zambiri apa version siinalakwe. Yambani ndi Windows: Settings, Privacy, Microphone. Kuyambira mu 2018, Windows 10 imatha kutsekereza mapulogalamu kuti asamve maikolofoni, ndipo pali batani lapadera lololeza ma desktop apps. Likakhala lozima, Audacity imatulutsa uthenga woti yalephera kutsegula chojambulira.

Chachiwiri, Audacity imaona zipangizo zomwe zinali zolumikizidwa pomwe inkatseguka. Mukalowetsa maiki ya USB pulogalamu ili kale yotsegula, siioneka. Itsekeni n'kuitsegulanso, kapena pitani pa Transport musankhe Rescan Audio Devices. Pa Host, pomwe mumasankha njira yomwe Audacity imalumikizirana ndi zipangizo za mawu, siyani MME poyamba, ndi yomwe siichita makani ndi zipangizo zambiri. WASAPI ndi yothandiza mukafuna kujambula zomwe zikumveka m'kompyuta momwemo, monga msonkhano wa pa Zoom.

Chachitatu ndi kabowo. Malaputopu akale anali ndi mabowo awiri, la mahedifoni ndi la maiki. Atsopano ali ndi limodzi, ngati la pa foni, lofuna pulagi ya mizere itatu. Mukalowetsamo waya wochokera ku mikisa ya kutchalitchi, laputopu imaganiza kuti mwaika mahedifoni, n'kupitiriza kujambula ndi kamaiki kake ka pafupi ndi kamera. Mukadzamvetsera mupeza abusa akumveka chapatali, pomwe inu mukutsokomola pafupi. Musanayambe, gogodani ndi chala pa maiki yeniyeniyo muone ngati mita ikudumpha.

Ndagula Focusrite, ndipo akuti ndisankhe ASIO. Mu Audacity siikuoneka.

Siioneka chifukwa Audacity 2 ndi 3 zomwe mumatsitsa zilibe ASIO. ASIO ndi njira yolowetsera ndi kutulutsira mawu mu kompyuta mosachedwa, ya kampani ya Steinberg, ndipo kwa zaka zambiri malamulo ake ankawombana ndi chilolezo cha GPL chomwe Audacity imayendera. Bokosi lanu lolumikizira maiki ku kompyuta, Focusrite Scarlett kapena Behringer, ligwirabe ntchito kudzera mu MME kapena WASAPI, ndipo pa mawu olankhula simudzamva kusiyana. Kusiyana kumabwera mukamaimba motsatira nyimbo yomwe ikusewera, mawu anu n'kumabwerera m'makutu mochedwa. Mabokosi ambiri otere ali ndi batani la direct monitor, lomwe limakumvetsani mawu anu asanalowe mu kompyuta. Liyatseni, ndipo mu Audacity muzimitse zomvera mawu olowa.

Ngati ntchito yanu ndi nyimbo za ma track ambiri, maganizo anga ndi oti musalimbane ndi Audacity, pitani ku Reaper. Ndi ya kampani ya Cockos, ili ndi ASIO, fayilo yake yoikira ndi yaing'ono, ndipo imayenda ngakhale pa Windows yakale, ya 32-bit ndi 64-bit yomwe. Amakulolani kuiyesa masiku 60, kenako layisensi ya munthu wamba ndi madola 60. Koma kumbukirani kuti bokosilo nalo lili ndi driver yake, kapulogalamu kothandiza Windows kulizindikira, ndipo driver yatsopano imatha kukana Windows 7. Onani zimenezo musanagule bokosi, osati mutafika nalo kunyumba. Maiki ya condenser imafunanso kuti batani la 48V liyake, apo ayi imangokhala duu.

RAM yanga ndi 4 GB yokha. Ikwana?

Pa track imodzi kapena ziwiri ikwana, malinga mutseke Chrome. Chomwe chimatha msanga ndi malo pa disiki. Audacity ikamajambula mwa chizolowezi chake, pa 44100 Hz ndi 32-bit float, sitiriyo imadya pafupifupi 20 MB pa mphindi, kapena kuti 1.2 GB pa ola. Mapemphero a maola atatu afika pafupi ndi 4 GB musanayambe n'komwe kukonza, ndipo kukonza kulikonse kumaonjezera. Ngati maiki ndi imodzi, jambulani mono, mudya theka. Ngati mawuwo akukalowa mu vidiyo, sankhani 48000 Hz.

Musajambulire pa fulashi. Mafulashi ambiri ndi a FAT32, yomwe siilola fayilo yoposa 4 GB, ndipo Audacity 3 imakaniratu kusunga project pa disiki yotere. Sungani mu laputopu, mukamaliza mukopere. Ngati batire linafa ndipo laputopu imazima magetsi akangothima, Audacity imayesa kubweza ntchito mukaitsegulanso. Ikakufunsani, sankhani Recover musanadine china chilichonse.

Ku wailesi amagwiritsa ntchito Adobe Audition, anzanga ali ndi FL Studio. Amisiri akuti andiikira yokiraka. Pali vuto?

Adobe Audition inachokera ku Cool Edit Pro, yomwe Adobe inagula kwa Syntrillium mu 2003, n'chifukwa chake akuluakulu ena a pa wailesi amaitchulabe Cool Edit. Ya masiku ano ndi yolipira mwezi ndi mwezi ndipo imafuna laputopu yamphamvu ya 64-bit. FL Studio, ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium, mumagula kamodzi ndipo ma version otsatira amabwera aulere. Ndi yabwino popanga ma beat, koma kujambulira ulaliki wa ola lathunthu n'kuivutitsa chabe.

Yokiraka sindiikira munthu. Kupatula kuti n'kuba, poiika amakuuzani kuti muzimitse antivirus, ndipo kuyambira pamenepo simudziwa chomwe chalowa. Siisinthikanso, ndiye tsiku lomwe Windows idzasinthe n'kuyamba kukangana nayo, mulibe kokadandaula. Ngati Audacity siikukukomerani maonekedwe, yesani ocenaudio, nayonso ndi yaulere ndipo pa kudula mawu olankhula ndi yachangu.

Ndikatsitse kuti?

Pa audacityteam.org. Musadine zotsatsa zomwe zimabwera pamwamba mukasaka pa Google, chifukwa pali mawebusaiti otengera dzinali omwe amaphatikizamo zinthu zina. Wina akakulipiritsani, mukulipira ntchito yake yokuikirani, pulogalamuyo ndi yaulere kuyambira pomwe Dominic Mazzoni ndi Roger Dannenberg anaitulutsa mu 2000 ali pa yunivesite ya Carnegie Mellon. Kuyambira 2021 ili m'manja mwa Muse Group, ndiye mutha kuona batani lalikulu lotsitsira kudzera mu MuseHub, pulogalamu ina ya kampaniyo. Ngati bandulo ndi yochepa, fufuzani pomwe alemba kuti mutha kutsitsa popanda MuseHub; Audacity yokha ya pa Windows siifika 50 MB. Ma version akale ali ndi tsamba lawo lolumikizidwa pa webusaiti yomweyo. Mukapeza yomwe yagwirizana ndi laputopu yanu, sungani fayilo yoikirayo pa fulashi, mudzaifuna tsiku loikitsanso Windows.

Laputopu ikakana pulogalamu iliyonse yochokera kunja, onani ngati Windows yake siili mu S mode, yomwe imalola za mu Microsoft Store zokha. Chromebook ndi nkhani ina: fayilo ya .exe siiyendamo, choncho funsani bwino musanagule laputopu yotchipa modabwitsa.

Ndasintha version katatu, koma phokoso loti “mmmm” silikuchoka.

Silichoka, chifukwa silikuchokera mu pulogalamu. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo kung'ung'udza komwe mukumvako nthawi zambiri ndi magetsiwo akulowa m'mawu kudzera mu chaja, makamaka chaja yosakhala yake ya laputopuyo, kapena pomwe laputopu ndi mikisa zalumikizidwa ku masoketi osiyana. Valani mahedifoni, yambani kujambula m'chipinda muli zii, kenako zulani chaja ku laputopu kujambula kuli m'kati. Phokoso likadukira pomwepo, mwampeza wolakwa. Tchajani batire lidzaze musanayambe, jambulani chaja ili pansi, ndipo ngati batire silisunga moto, lumikizani laputopu ndi mikisa pa extension imodzi, waya wa maiki muusiyanitse ndi wa magetsi. Pa zomwe munajambula kale, sankhani kachigawo ka masekondi awiri kapena atatu komwe palibe akulankhula, pitani pa Noise Reduction mudine Get Noise Profile, kenako sankhani track yonse mubwerezenso. Musakweze manambala ake kwambiri, mawu a abusa angayambe kumveka ngati akulalikira ali m'mgolo.